MBENDERA M'KHOSI MWA MBUSA: KUUNIKA MKUWO WA #ThisFlag KU ZIMBABWE

Makolo athu adali ndi lamulo limene silidalembedwe m'buku lililonse, koma mwana aliyense ankakula akulidziwa: ukamva mnzako akukuwa usiku, tenga chibonga utuluke, za kufunsa kuti ndani uzifunsa utafika. Mkuwo udali chuma cha mudzi wonse, ndipo mphamvu yake inkayesedwa poona kuchuluka kwa miyendo imene yathamangira kumene kwachokera mau. Masiku ano anthu apeza njira ina yokuwira. Munthu amene waona chosalungama amalemba mau awiri kapena atatu pa foni yake, nawaponya pa masamba a mchezo a pa intaneti monga Facebook, WhatsApp ndi Twitter, imene idasintha dzina mu 2023 n'kukhala X, ndipo dzuwa lisanalowe anthu zikwi zambiri amakhala atawabwereza.

M'nkhani ino tifuna kuunika mkuwo umodzi wotere, umene udamveka ku Zimbabwe m'chaka cha 2016 pansi pa dzina loti #ThisFlag, ndiye kuti mbendera iyi. Tausankha pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amene adauyamba ndi mbusa, munthu wolalika Mau a Mulungu monga ife, ngakhale sali wa mpingo wathu. Chachiwiri, papita zaka zokwanira kuti tione zipatso zake. Funso lathu nali: kodi mau oponyedwa pa intaneti angathe kusenza katundu wa uneneri? Tidzaona kuti angathe kuuyamba ulendo, pakuti amathyola mantha amene maboma ankhanza amatsamirapo, koma kuti aufikitse amasowa gulu la anthu odziwana maso ndi maso, okonzeka kulipira mtengo wa mau awo.

1. Chizindikiro ndi ntchito yake

Hashtag ndi liu limodzi kapena mau ochepa olembedwa mophatikiza, patsogolo pake pali chizindikiro cha #. Chris Messina wa ku America ndiye adapereka ganizo mu August 2007 kuti anthu a pa Twitter azigwiritsa ntchito chizindikirochi posonkhanitsa zokamba zawo pa mutu umodzi. Aliyense akalemba liu lomwelo, makina amaika mau ake pa mulu umodzi ndi a anzake, kotero kuti munthu wa ku Bulawayo ndi wa ku London amapezeka pa bwalo limodzi, osadziwana, osaitanidwa ndi mfumu. Kanthu kamene kadapangidwa kuti kazisanja nkhani kadasanduka mbendera ya anthu ochita zionetsero: #BlackLivesMatter ku America mu 2013, #BringBackOurGirls ku Nigeria mu 2014, pamene zigawenga za Boko Haram zidaba atsikana 276 pa sukulu ya ku Chibok, #FeesMustFall ku South Africa mu 2015, #EndSARS ku Nigeria komweko mu 2020.

Anthu ophunzira sadagwirizane pa za phindu lake. Malcolm Gladwell, polemba m'magazini ya The New Yorker mu 2010, adati nkhondo yolimbana ndi tsankho ku America idapambana chifukwa amene adaimenya adali abwenzi enieni, omangika pamodzi m'mipingo ndi m'mabungwe, pamene ubale wa pa intaneti ndi wa ulusi wowola, wokwanira kufalitsa nkhani koma wosakwanira kuti munthu alolere kumenyedwa chifukwa cha mnzake. Zeynep Tufekci wa ku Turkey, m'buku lake la mu 2017 lotchedwa Twitter and Tear Gas, adaona mozama kuposa apo. Iye adavomereza kuti intaneti imasonkhanitsadi makamu a anthu m'misewu m'masiku ochepa, koma adati kufulumirako ndiko kumawapweteka. Anthu akuda a ku Montgomery, amene adakana kukwera mabasi kwa nthawi yopitirira chaka mu 1955 ndi 1956, adayenera kukonza magalimoto onyamulana, kusonkha ndalama ndi kukumana m'matchalitchi usiku ndi usiku, ndipo ntchito yotopetsayo ndiyo idawaphunzitsa kumvana ndi kupanga mfundo pamodzi. Gulu lobadwira pa intaneti limadumpha sukulu imeneyi, ndipo boma likasintha kamenyedwe, limasowa pogwira. Maganizo a anthu awiriwa tiwayese ndi zimene zidachitika ku Harare.

2. Mau a mbusa ndi kamangidwe kake

Pofika 2016 Robert Mugabe adali atalamula Zimbabwe zaka 36, iye mwini ali ndi zaka 92. Ndalama zidasowa m'mabanki, malipiro a aphunzitsi ndi anamwino ankachedwa, chilala chidapsereza mbewu m'minda, ndipo Mugabe yemweyo adanena poyera chaka chimenecho kuti chuma cha dayamondi cha ku Marange, chokwana madola 15 biliyoni, chidalowera kosadziwika. Wofuna kudandaula ankadziwa chimene chingamuonekere. Itai Dzamara, mtolankhani amene ankachita zionetsero pa bwalo la Africa Unity Square ku Harare, adagwidwa ndi anthu osadziwika pa 9 March 2015, ndipo sadaonekenso.

Chitangopita chikondwerero cha ufulu cha pa 18 April, Evan Mawarire, mbusa wa mpingo waung'ono wa mu mzindawo, adakulunga mbendera ya dziko m'khosi mwake, najambula kanema wa mphindi ngati zinayi, namuponya pa intaneti. Iye adafotokoza pambuyo pake kuti chidamuwawitsa mtima n'chakuti adalephera kulipira fizi ya ana ake. Kanemayu tiyenera kumuwerenga monga momwe timawerengera ulaliki, pakuti ndi ulaliki ndithu, ndipo mphamvu yake ikuchokera pa zinthu zitatu.

Choyamba ndi kamangidwe. Mauwo ali m'zigawo ziwiri. M'chigawo choyamba mbusayo akutenga mitundu ya mbendera umodziumodzi, nanena zimene ana amaphunzitsidwa kusukulu, kenaka nazitsutsa ndi zimene maso akuona. Wobiriwira amati ndi zomera, koma m'minda mulibe kanthu. Wachikasu amati ndi golide ndi miyala ina yamtengo, koma palibe adziwa amene adaigula ndi mtengo wake. Wofiira amati ndi magazi a omenyera ufulu, koma eni magaziwo akadadzuka akadafunsa chimene adafera. Wakuda amati ndi anthu eni dziko, koma iye sakudziona kuti ali nawo m'gulumo. M'chigawo chachiwiri akubwereranso pa mitundu yomweyo, naipatsa tanthauzo latsopano: wobiriwira usanduka mphamvu ya mphukira yoboola nthaka youma, ndipo wachikasu usanduka anthu eni ake, amene ndiwo chuma chenicheni cha dziko. Wophunzira Malembo Oyera azindikira msanga njira imeneyi, pakuti ndi ya Masalimo a madandaulo, monga Salimo 13 ndi Salimo 22, m'mene wopemphera amayamba ndi kutula mkwiyo wake wonse, kenaka mtima n'kutembenukira ku chiyembekezo. Anthu a ku Zimbabwe, amene ambiri mwa iwo adakulira m'tchalitchi, adaimva nyimboyi asanaganize n'komwe za ndale.

Chachiwiri ndi chizindikiro chimene adasankha. Sadanyamule nsalu ya chipani chilichonse. Adatenga chinthu chimene chipani cholamula cha ZANU-PF chinkachiyesa chakechake, nachibwezera kwa anthu. Apa tikumbukira Yeremiya, amene adayenda mu Yerusalemu atavala goli m'khosi (Yer. 27), ndipo Hananiya, mneneri wonena zokomera anthu, adaona kuti njira yomutsutsira ndiyo kuthyola golilo (Yer. 28). Ku Harare nduna ina, Jonathan Moyo, idamunyoza mbusayo ndi kuyambitsa hashtag yakeyake yoti #OurFlag, ndipo mu September chaka chomwecho boma lidachenjeza kuti lidzazenga mlandu anthu ogwiritsa ntchito mbendera mosaloledwa. Boma likafika poopa mbendera yake yomwe, ndiye kuti chizindikirocho chalasa pamtima.

Chachitatu ndi nkhope. Anthu ambiri a pa intaneti amalankhula atabisala kuseri kwa maina opeka, koma Mawarire adaonetsa nkhope yake ndi dzina lake m'dziko limene Dzamara adasowa. Papa Paul VI, m'kalata yake ya mu 1975 ya Evangelii Nuntiandi, ndime 41, adaphunzitsa kuti anthu a makono amatchera khutu kwa mboni koposa kwa aphunzitsi. Onse amene adaona kanemayu adadziwa kuti munthuyo waika moyo wake pa chiswe, ndipo kudziwa kumeneko ndiko kudawapatsa kulemera mau amene ena ambiri adali atanena kale.

Komabe ulalikiwo uli ndi chilema chake. Ukutchula ululu, ukudzutsa chiyembekezo, koma sukuonetsa njira. Womvera amatsala mtima ukutentha, osadziwa kuti mawa apite kuti, akakumane ndi yani. Ndiponso udalankhulidwa m'Chingerezi, chinenero cha anthu a m'tauni ndi a ku maiko akunja.

3. Zimene mkuwo udachita

Tisachepetse zimene zidatsatira. Anthu ambirimbiri, a m'dzikomo ndi okhala ku South Africa, ku Britain ndi kwina, adayamba kudzijambula atavala mbendera ndi kunena zowawa zawo. Pa 6 July 2016 anthu adanyanyala ntchito, masitolo ndi masukulu ambiri adatsekedwa, ndipo misewu ya Harare ndi Bulawayo idangoti zii. Pa 12 July apolisi adamanga Mawarire pa mlandu wolimbikitsa ziwawa, ndipo m'mawa mwake, ali m'bwalo la milandu, adausintha mlanduwo kuti ukhale wofuna kugwetsa boma. Maloya ambiri adaimirira m'bwalomo kusonyeza kuti onse akumuimira, kunja khamu la anthu ovala mbendera likuimba nyimbo za Mulungu ndi kupemphera mpaka mdima, ndipo woweruza adalamula kuti amasulidwe. Pa 21 July bungwe la asilikali akale a nkhondo ya ufulu, amene adali mzati wa Mugabe kwa zaka zambiri, lidatulutsa chikalata chomudzudzula.

Kodi mau a pa foni adachita bwanji zimenezi? Ulamuliro wankhanza umakhalitsa chifukwa umachititsa munthu aliyense kuganiza kuti ndi iye yekha amene watopa. Mneneri Eliya yemwe adagwa mphwayi pa phiri la Horebu poganiza kuti watsala yekha, ndipo Mulungu adamuchiza pomuuza kuti alipo ena zikwi zisanu ndi ziwiri amene sadagwadire Baala (1 Maf. 19). Hashtag imagwira ntchito imeneyi: imawerengera anthu poyera, kuti wamantha aone kuti anzake ndi ochuluka. Pa mfundo iyi Gladwell adapeputsa chinthu chachikulu, pakuti m'dziko la mantha kungodziwa kuti suli wekha ndi chiyambi cha ufulu.

Koma tiyeneranso kunena zoona zonse za tsiku la 6 July. Masiku ochepa m'mbuyo mwake amalonda a pa chipata cha Beitbridge adachita zipolowe chifukwa boma lidaletsa kulowetsa katundu wina, oyendetsa minibasi ku Harare adalimbana ndi apolisi chifukwa cha kuchuluka kwa zipata za pamsewu, ndipo aphunzitsi ndi anamwino, motsogoleredwa ndi mabungwe awo, adali atayamba kale kunyanyala ntchito chifukwa cha malipiro. Mkuwo wa mbusa udagwera pa nkhuni zimene ena adatola. Pamene adaitanitsa kunyanyala kwachiwiri sabata yotsatira, anthu ambiri adapita ku ntchito zawo.

4. Pamene mkuwo udaperewera

Chofooka choyamba cha mau a pa intaneti n'chakuti ndi otsika mtengo kwa ambiri owabwereza. Mulungu adachenjeza Ezekiele kuti anthu adzabwera kudzamumvera monga momwe amamvera woimba wa mau okoma, nadzachoka osachita kanthu (Ezek. 33). Munthu amene wagawira anzake kanema amamva mumtima ngati wachita mbali yake, pamene phazi lake silidasunthe. Yakobo Woyera adanena kale za mkhristu wofunira mnzake wausiwa mafuno abwino osamupatsa chovala (Yak. 2).

Chachiwiri, bwalo la pa intaneti lilibe akulu. Aliyense amalowa, aliyense amalankhula, koma palibe njira yomangira mfundo imene onse adzaitsata. Mlandu wa kumudzi umatha chifukwa pali nkhoswe, pali nduna, pali mfumu yogamula. Gulu la #ThisFlag lidalibe mamembala olembedwa, lidalibe nthambi, lidalibe wotsatira mtsogoleri. Zimenezi poyamba zidaoneka ngati mphamvu, popeza apolisi adalibe ofesi yoti akatseke, koma pambuyo pake zidaoneka kuti denga lonse lidali pa mutu umodzi.

Chachitatu, pa bwaloli ambiri kulibe. Mwa anthu atatu aliwonse a ku Zimbabwe, pafupifupi awiri amakhala kumudzi, kumene foni ya intaneti ndi yosowa, ndalama yogulira nthawi ya pa intaneti imapikisana ndi ya mchere, ndipo chimanga cha thandizo m'chaka cha njala chimadzera m'manja mwa anthu a chipani. Kumeneko ndiko zisankho zimapambanidwira. Phokoso la pa Twitter limanyenga mwini wake, pakuti amamva mau a anthu ofanana naye akubwerera kwa iye, naganiza kuti dziko lonse lalankhula.

Chachinayi, bwaloli lili ndi eni ake. Makampani amene adalimanga amapeza phindu anthu akamakhalitsa pamenepo, ndipo mau aukali ndi amene amakhalitsa anthu koposa mau ofatsa. Nalonso boma lili ndi kiyi wa pakhomo. Mu January 2019, pamene anthu adanyanyalanso ntchito chifukwa cha kukwera kwa mtengo wa mafuta, boma la Zimbabwe lidatseka intaneti m'dziko lonse, asilikali ali m'makwalala, ndipo Mawarire adamangidwanso.

Mapeto a nkhaniyi ndi ophunzitsa. Mugabe adatula pansi udindo pa 21 November 2017 atakakamizidwa ndi asilikali pamodzi ndi anzake a m'chipani. Masiku atatu m'mbuyo mwake makamu a anthu adadzaza misewu ya Harare atavala mbendera, akukumbatira asilikali. Emmerson Mnangagwa, amene adalowa m'malo, adayamba mu 2018 kuvala m'khosi mpango wa mitundu ya mbendera yomweyo. Pa 1 August 2018, zisankho zitangochitika, asilikali adaombera anthu mu Harare ndipo asanu ndi mmodzi adafa. Mawarire adapikisana nawo pa mpando wa khansala mu mzindawo chaka chomwecho, koma sadapambane. Chizindikiro chopanda gulu lochisunga chimatoledwa ndi aliyense wamphamvu amene wachipeza panjira.

5. Za kuthawa kwa mbusa

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ikukhudza ife ansembe ndi aseminale mwapadera. Atangomasulidwa mu July 2016, Mawarire adachoka m'dzikomo ndi banja lake, napita ku South Africa, kenaka ku America. Anthu ambiri amene dzulo lake ankamutcha mpulumutsi adatembenuka, namutukwana pa masamba omwewo kuti ndi wamantha ndi wachinyengo. Akulu adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Iye adabwerera pa 1 February 2017, adamangidwa pa bwalo la ndege, ndipo bwalo lalikulu la milandu lidamupeza wosalakwa mu November chaka chomwecho.

Eklezia adaliganizira kale funso la mbusa wothawa. Ambuye athu adauza ophunzira awo kuti akazunzidwa mu mzinda wina athawire ku wina (Mt. 10:23), komabe adadzudzula wolembedwa ganyu amene amasiya nkhosa akaona mmbulu (Yoh. 10:12). Cyprian Woyera wa ku Carthage adabisala m'nthawi ya mazunzo a mfumu Decius mu 250, akuwongolera mpingo wake ndi makalata, ndipo adafera chikhulupiriro mu 258. Athanasius Woyera adalemba buku lonse lodziteteza pa kuthawa kwake. Augustine Woyera, poyankha Episkopi Honoratus m'kalata yake ya nambala 228, pamene adani adali kulowa mu Africa ya kumpoto, adapereka muyeso womveka: mtumiki angathe kuthawa ngati ofunafunawo akufuna iye yekha ndipo pali ena otsala osamala nkhosa, koma sayenera kuchoka ngati kuchoka kwake kusiya anthu opanda wowatumikira.

Tikauika muyeso umenewu pa nkhani ya ku Harare, mlandu suli kwenikweni pa Mawarire, pakuti boma linkafuna iyeyo, ndipo adali ndi mkazi ndi ana. Chimene chidaonekera poyera n'chakuti padalibe otsala. Cyprian pobisala adasiya ansembe ndi madikoni olandira makalata ake. Yeremiya adali ndi Baruki, amene adalembanso mpukutu mfumu Yehoyakimu itautentha (Yer. 36), ndiponso Ahikamu amene adamutchinjiriza kuti asaphedwe (Yer. 26:24). Khamu la pa intaneti lidafuna munthu mmodzi woti afe m'malo mwake, ilo likuonerera pa foni, ndipo atakana kufa lidamuda. Amene akufuna mnzake akhale mfera chikhulupiriro ayambe wadzifunsa chimene iye mwini wakonzeka kutaya.

6. Hashtag ndi kalata ya ubusa

Mu July 2020 boma la Zimbabwe lidamanga mtolankhani Hopewell Chin'ono, amene adaulula za katangale pa kagulidwe ka zipangizo zolimbana ndi mliri wa Covid-19, ndipo pa 31 July lidamanganso wolemba mabuku Tsitsi Dangarembga atanyamula chikwangwani m'mbali mwa msewu. Kumayambiriro kwa August hashtag yoti #ZimbabweanLivesMatter idafalikira m'maiko ambiri. Pa 14 August Aepiskopi a Katolika a m'dzikomo adatulutsa kalata ya ubusa yotchedwa The March is Not Ended, yodzudzula katangale, umphawi ndi kupondereza anthu. Nduna ya zofalitsa nkhani, Monica Mutsvangwa, idayankha ponyoza Arkiepiskopi Robert Ndlovu, mpaka kutchula za mtundu wawo. Boma lidakwiya chotere chifukwa kalatayo idali ndi maina a anthu odziwika kumene amagona, ndipo kumbuyo kwawo kudali maparishi, masukulu ndi zipatala mpaka kumidzi.

Ife a ku Malawi tikuidziwa mphamvu imeneyi. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Aepiskopi athu yotchedwa Living Our Faith idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse pa tsiku limodzi. Idasindikizidwa ku Balaka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, ndipo idafika kumaparishi apolisi osadziwa. Boma lidaitcha youkira, Aepiskopi adafunsidwa ndi apolisi, Monsinyo John Roche adapirikitsidwa m'dziko, koma mau adali atalowa kale m'makutu a anthu amene adawamva atakhala phewa ndi phewa, naonana m'maso potuluka. Mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda adagwirizana m'bungwe la Public Affairs Committee, ndipo pa 14 June 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri.

Tisadzitame nazo zimenezi. Kalata ya mu 1992 idabwera patapita zaka zambiri anthu akumangidwa popanda mlandu, Eklezia osanena zambiri poyera. Ya ku Zimbabwe ya mu 2020 idabwera achinyamata atayamba kale kukuwa. Eklezia ali ndi thupi, koma kawirikawiri amachedwa kutsekula pakamwa. Achinyamata a pa intaneti ali ndi liu lofulumira, koma alibe thupi lolisenza. Kalata ya ubusa imene yangoponyedwa pa WhatsApp, osakambidwa m'miphakati, imasanduka hashtag yaitali chabe.

7. Mau otsiriza

Msonkhano wa Vatican II, m'chikalata cha Inter Mirifica cha mu 1963, udatcha zipangizo zofalitsira nkhani mphatso zodabwitsa zoyenera kugwiritsidwa ntchito mwanzeru, ndipo Papa Francis, m'kalata ya Fratelli Tutti ya mu 2020, adachenjeza kuti kulumikizana kwa pa makina sikukwanira kumanga ubale weniweni. Pa zimene taona ku Zimbabwe, titengepo mfundo zitatu.

Wansembe amvere mkuwo. Zimene achinyamata a m'parishi mwake akulemba pa mafoni, ngakhale zikhale zaukali ndi zosalongosoka, nthawi zambiri ndi madandaulo amene sadapeze malo pa msonkhano wa tchalitchi. Kuwanyoza kuti ndi aulesi ongodziwa kudina foni ndi kutaya mwayi womva kulira kwa anthu ake.

Wansembe asamale pakamwa pake. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limagwira ntchito pa foni monga pa bwalo, ndipo amene wagawa bodza losafufuza ndi mboni yonama, ngakhale bodzalo likhale lonenera munthu woipa. Malamulo a Eklezia, pa nambala 287, amatilamula kulimbikitsa mtendere wozikidwa pa chilungamo, natiletsa kulowa m'zipani za ndale. Asalembe pa intaneti mau amene sangawanene pa guwa dzina lake likudziwika.

Pomaliza, wansembe amange thupi. Aepiskopi a m'chigawo chathu cha AMECEA adagamula mu 1973 ndi mu 1976 kuti miphakati ikhale maziko a ntchito ya ubusa. Mphakati umene umakumana sabata ndi sabata, umene umadziwa mwana amene wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, umene ungaperekeze mai wamasiye ku bwalo la milandu ndi kulemba tsiku ndi dzina la chosalungama chilichonse, ndiwo sukulu ija imene magulu a pa intaneti amaidumpha. Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere la ku Zimbabwe lidasonkhanitsa maumboni a kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland kwa zaka zambiri lisanatulutse lipoti lake mu 1997, ndipo lipotilo likuwerengedwabe. Mseminale amene akukonzekera kupita ku parishi aphunzire kugwiritsa ntchito foni, koma aphunzire koposa kukhala pa mphasa ndi anthu khumi ndi awiri mpaka atamanga mfundo imodzi imene onse adzaichita.